Chilankhulo cha "kukhitchini" chimene chinafika ku Brussels

Lero tichoke pang'ono kuno kwathu, tipite ku kachilumba kena ka m'nyanja ya Mediterranean, kummwera kwa Sicily. Amene mumawerenga Baibulo mukukadziwa kale: ndi Melita wa pa Machitidwe 28, kumene chombo cha Paulo chinasweka, iye n'kulumidwa ndi njoka padzanja akusonkhezera moto. Lero dzikolo limatchedwa Malta. Ndi la masikweya kilomita 316 okha, moti boma la Angónia palokha likhoza kulimeza kangapo konse. Anthu ake angopitirira pang'ono theka la miliyoni, pamene ife olankhula Chinyanja m'Mozambique muno mokha tikuposa miliyoni imodzi, osawerengera abale athu a ku Malawi ndi ku Zambia.

Ndikulemba za Malta chifukwa cha madandaulo awiri amene samatha pakati pathu aphunzitsi. Ena amati Chinyanja chathu n'chosakanizika, chadzaza Chipwitikizi ndi Chingerezi, choncho si chilankhulo chenicheni choti n'kuphunzitsira ana m'kalasi. Amachitcha "dialecto" mopotoza milomo. Ena, amene amachikonda zedi, amati tichotse mawu onse obwereka, tiphunzitse Chinyanja "chenicheni" chopanda chitsotso. Magulu awiriwa amaoneka ngati odana, koma amagwirizana pa mfundo imodzi: onse amakhulupirira kuti mawu obwereka ndi matenda. Ine ndikuti ayi, ndipo mboni yanga ndi Chimalta.

Tiyambe ndi mawu a kutchalitchi, poti ndi amene amadabwitsa kwambiri. Amalta ambiri ndi Akatolika, matchalitchi ali m'mudzi uliwonse. Koma Mulungu amamutcha Alla. Nyengo ya Lenti, imene Apwitikizi amati Quaresma, iwo amati Randan, mawu ochokera ku Ramadan wa Asilamu. Pasaka amati Għid, amene ndi mawu omwewo a Eid. Khirisimasi ndi Milied, kuchokera ku mawu a Chiarabu otanthauza kubadwa. Wansembe ndi qassis, tchalitchi ndi knisja, zonsezi n'zochokera ku Chiarabu. Bambo mfumu wa ku Malta akamalalikira Lachisanu Loyera, Msilamu wa ku Tunisia akhoza kutolapo mawu ambirimbiri.

Zinatheka bwanji? M'chaka cha 870 Aarabu ochokera kudera limene lero ndi Tunisia analanda chilumbachi. Wolemba wina wachiarabu, al-Himyari, anasimba kuti pambuyo pake chilumbacho chinatsala pafupifupi chopanda anthu mpaka cha m'ma 1048, pamene Asilamu anadzakhazikikapo. Chiarabu chawo chinali cha mtundu umene unkalankhulidwa ku Sicily nthawi imeneyo. Mu 1091 Roger, mtsogoleri wa Anormani, anagonjetsa Malta, ndipo pofika pakati pa zaka za m'ma 1200 mfumu Frederick II inali itathamangitsa Asilamu amene anakana kusintha chipembedzo. Chisilamu chinatha, zilembo za Chiarabu zinaiwalika, koma chilankhulo chinatsala m'kamwa mwa alimi ndi asodzi. Ku Sicily kumene chinachokera, Chiarabu chimenechi chinafa kalekale. Ku Malta chilipo mpaka lero.

N'chifukwa chake mawu a pakhomo ndi a m'thupi ndi achiarabu. Nyumba ndi dar, buledi ndi ħobż, galu ndi kelb, dzuwa ndi xemx, mwezi ndi qamar, nyanja ndi baħar, nsomba ndi ħut, mtima ndi qalb, dzanja ndi id. Chilembo cha x chija amachitchula monga momwe timachitchulira mu xícara kapena Xichangana, choncho ife a kuno sitivutika nacho. Mawu oti madzi ali ndi kankhani kake. Pa Chiarabu madzi ndi ma, ndipo akaika kamawu kolozera kutsogolo amati al-ma. Amalta anamatira ziwirizo pamodzi mpaka kuiwala kuti zinali ziwiri, n'kukhala ilma. Lero akafuna kunena "madziwo" amawonjezeranso kolozera kena, amati l-ilma. Musawaseke, chifukwa Apwitikizi anachita zomwezo. Mafuta amene Mmalta amati żejt, Mpwitikizi amati azeite. Mpunga wa ross ndi arroz. Pilo amene ku Malta amati mħadda ndi almofada yemweyo amene ali m'mabuku athu a Chipwitikizi. Ka a- ndi ka al- kali kutsogoloko n'kolozera ka Chiarabu kamene kanakakamira. Chilankhulo chimene ena amatiuza kuti ndiye choyera, chovomerezeka ndi malamulo, nachonso chinakula ndi ngongole, ndipo palibe inspector amene anachitchapo dialecto chifukwa cha zimenezo.

Tsono mvetserani za m'banja. Mayi ndi omm, mchimwene ndi ħu, mchemwali ndi oħt, zonse zachiarabu. Koma bambo ndi missier, mawu ochokera ku misseri wa ku Sicily, amene poyamba ankatanthauza "bwana". Agogo ndi nannu ndi nanna, amalume ndi azakhali ndi ziju ndi zija, zochokeranso ku Sicily. Tangoganizani, mtundu wa anthu kubwereka mawu oti bambo! Mawu akale achiarabu oti abu sanatheretu. Anabisala m'maina a mabanja. Buttigieg, dzina la Anton Buttigieg amene anali pulezidenti wa Malta kuyambira 1976 mpaka 1981, limachokera ku mawu otanthauza "mwini nkhuku", pakuti nkhuku pa Chimalta ndi tiġieġ. Akanakhala wa kwathu kuno bwenzi akutchedwa a Chankhuku kapena dzina lina lotere.

Mawu a ku Sicily ndi a Chitaliyana analowa kwa zaka mazanamazana, chifukwa boma, makhoti, tchalitchi ndi sukulu zonse zinkayendera zilankhulo zimenezo. Mu 1530 mfumu Charles V inapereka chilumbachi kwa asilikali achipembedzo a gulu la Yohane Woyera, amene anamanga mzinda wa Valletta kuyambira 1566 n'kulamulira mpaka Napoleon atawachotsa mu 1798. Afalansa anakhala zaka ziwiri zokha, ndiyeno kunabwera Angerezi kuyambira 1800 mpaka ufulu wa pa 21 September 1964. Mbiri yonseyi imamveka m'moni wa tsiku limodzi. M'mawa Mmalta amati bonġu, kuchokera ku bonjour wa Chifalansa. Polandira mlendo amati merħba, Chiarabu. Pothokoza amati grazzi, Chitaliyana. Potsanzikana amati saħħa, Chiarabu chotanthauza thanzi. Kenako n'kutulutsa mowbajl m'thumba kuti afunse zotsatira za futbol.

Katswiri wa zilankhulo Joseph Brincat anawerenga mawu pafupifupi 41,000 a m'dikishonale yaikulu ya Joseph Aquilina. Anapeza kuti mawu 52 pa 100 alionse ndi ochokera ku Sicily ndi ku Italy, 32 pa 100 ndi ochokera ku Chiarabu, ndipo 6 pa 100 ndi a Chingerezi. Mawu obwereka aposa a makolo! Chikanakhala Chinyanja, anzathu a gulu loyamba lija akanati mlandu watha, chilankhulo chafa. Komabe akatswiri onse amaika Chimalta m'banja limodzi ndi Chiarabu ndi Chiheberi, osati ndi Chitaliyana. Chifukwa chake n'chakuti chilankhulo sachiyesa powerenga mawu m'dikishonale ngati matumba a chimanga m'nkhokwe. Mawu amene amabwerezedwa tsiku lonse, monga kudya, kumwa, kugona, kupita, kubwera, ine, iwe, ndi timawu tolumikizira, pafupifupi onse ndi achiarabu. Ndiponso malamulo amene amaumba mawu ndi achiarabu.

Apa ndi pamene pandikomera kwambiri monga mphunzitsi. Pa Chimalta, monga pa Chiarabu, tsinde la mawu limakhala zilembo zitatu, ndipo tanthauzo limasintha posintha mavawelo a mkati. Tengani k-t-b: kiteb ndi "analemba", ktieb ndi buku, kotba ndi mabuku, kittieb ndi mlembi, kitba ndi zolemba. N'chimodzimodzi ndi -lemb- wathu amene amatipatsa kulemba, mlembi, chilembo, malemba ndi Lolemba, kungoti ife timasintha kutsogolo ndi kumapeto, iwo amasintha mkati. Tsono mawu achilendo akalowa, amakakamizidwa kutsata mwambo wa pakhomopo. Skola, sukulu, ndi mawu a ku Sicily. Koma masukulu ambiri amati skejjel, kuwathyola mkati mwachiarabu. Foloko ndi furketta, mafoloko ndi frieket. Mbendera ndi bandiera, zambiri ndi bnadar. Ngakhale ketulo wa Angerezi anasanduka kitla, ambiri n'kukhala ktieli. Mtaliyana kapena Mngerezi atamva skejjel kapena ktieli sangazindikire kuti ndi mwana wake.

Kodi si zomwe ife tinachita ndi chapéu wa Apwitikizi? Makolo athu anamva "cha" kutsogolo, anati ameneyu ndi wa gulu la chi- ndi zi-, n'kumutcha chipewa, zambiri zipewa. Hospital anasanduka chipatala ndi zipatala. Sapato anavekedwa n- kutsogolo n'kukhala nsapato, batata n'kukhala mbatata, carta n'kukhala kalata ndi makalata, capitão n'kukhala kapitawo ndi akapitawo. Buku wa Angerezi timamuchepetsa kukhala kabuku, timabuku, kapena kumukulitsa kukhala chibuku. Mmalta anatenga mawu a Chingerezi oimika galimoto n'kupanga ipparkja: nipparkja, ndimaimika, ipparkjajt, ndinaimika, ma pparkjajtx, sindinaimike. Ife tinatenga kutchaja foni n'kumati ndatchaja, sindinatchaje, munditchajireko, akutchajitsa pa grocery. Mawu amene alowa m'malamulo a chilankhulo motere salinso alendo. Ali ngati mkamwini amene walima, wamanga nyumba, wabereka ana pamudzi; kumuthamangitsa n'kusiya ana amasiye.

Ndi bwino tidziwenso kuti Amalta sanayambe n'kunyadira chilankhulo chawo. Kwa zaka mazana ambiri ophunzira, maloya ndi akuluakulu a tchalitchi ankalemba Chitaliyana, Chimalta n'kumachinena kuti ndi chilankhulo cha kukhitchini. Choseketsa n'chakuti mawu oti khitchini pa Chimalta, kċina, ndi obwereka ku Sicily, ndipo makhitchini ambiri amati kċejjen, kuthyolanso mwachiarabu. Ndakatulo yakale kwambiri ya Chimalta imene ikudziwika, Il-Kantilena ya Pietru Caxaro amene anamwalira mu 1485, inapulumuka chifukwa wachibale wake anaikopera m'kaundula wa zikalata za malamulo, ndipo inagona mmenemo mpaka ofufuza awiri, Godfrey Wettinger ndi Mikiel Fsadni, ataipeza mu 1966. Manyazi anafika poti ena ankakana chiyambi cha chilankhulo chawo. Kuvomera kuti umalankhula Chiarabu pachilumba chimene chinatchuka ndi kumenyana ndi Asilamu a ku Turkey mu 1565 sikunali kokoma, choncho panafala chiphunzitso chakuti Chimalta chinachokera kwa Afoinike akale. Agius de Soldanis analemba zimenezo mu 1750, ndipo ngakhale Mikiel Anton Vassalli, amene amatchedwa tate wa chilankhulo cha Chimalta ndipo anatulutsa dikishonale yake mu 1796, ankakhulupirira zomwezo. Katswiri wa ku Germany, Wilhelm Gesenius, ndiye anasonyeza mu 1810 kuti tsinde lake ndi Chiarabu.

Nawonso anali ndi anthu ofuna chilankhulo "choyera". M'zaka za m'ma 1900 olemba ena ankalimbikira Malti safi, kulemba ndi mawu a tsinde la Chiarabu okhaokha. Anapeka mawu ngati mitjar, kuchokera ku tsinde lotanthauza kuuluka, kuti atanthauze bwalo la ndege. Mawuwo alipo m'mabuku, koma anthu amati ajruport, ndipo ndi limene lili m'dzina la bwalo lawo lalikulu. Sindikunena kuti kupeka mawu n'kulakwa. "Bwalo la ndege" wathuyu anapekedwa ndipo anagwira, ngakhale ndege yomweyo tinaibwereka ku Chiswahili. Ndikunena kuti woweruza ndi anthu olankhula, osati komiti. Mphunzitsi amene amakaniza mwana kulemba "makina" kapena "kalata" chifukwa ndi Chipwitikizi, n'kumupatsa mawu amene ngakhale agogo ake sanawamvepo, wasandutsa chilankhulo cha mwanayo kukhala chilankhulo chachilendo chachiwiri. Pamenepo phindu lonse la maphunziro a zilankhulo ziwiri latha, chifukwa cholinga chinali choti mwana ayambire pa zimene akudziwa kale.

Chimene chinakweza Chimalta sichinali kuchichapa. Mu 1920 olemba anakhazikitsa bungwe lawo, Għaqda tal-Kittieba tal-Malti. Mu 1924 anatulutsa malamulo a kalembedwe. Mu 1934 Chimalta chinakhala chilankhulo cha boma pamodzi ndi Chingerezi, Chitaliyana n'kuchotsedwa. Malta atalowa mu European Union mu 2004, chilankhulo cha kukhitchini chija chinakhala chimodzi mwa zilankhulo zovomerezeka za bungwelo, chokhacho cha m'banja la Chiarabu, ndipo lero kuli anthu ku Brussels ndi ku Luxembourg amene amalandira malipiro pomasulira malamulo m'Chimalta. Kalembedwe kogwirizana, mabuku, makhoti, sukulu, ntchito zolipidwa: izi ndi zimene zinachitika. Ife tinayamba ulendo womwewu mochedwa. Msonkhano woyamba wogwirizanitsa kalembedwe ka zilankhulo za Mozambique unachitika mu 1988. PEBIMO, kuyesa koyamba kophunzitsa ana m'zilankhulo ziwiri, kunachitika kuyambira 1993 mpaka 1997, Xichangana ku Gaza ndi Chinyanja kuno ku Tete. Malamulo a dziko a 2004 amati boma limalemekeza zilankhulo zathu monga chuma cha chikhalidwe ndi cha maphunziro, koma chilankhulo cha boma ndi Chipwitikizi chokha. Kusiyana kwathu ndi Malta kuli pamenepo, osati pa kuchuluka kwa mawu obwereka.

Komabe musaganize kuti ku Malta zonse zili bwino, kapena kuti ndikuti tilandire chilichonse. Masamu ndi sayansi kumeneko amaphunzitsa kwambiri ndi mabuku a Chingerezi, yunivesite imayendera Chingerezi, ndipo Amalta ambiri potchula mitengo ya zinthu kapena nambala ya foni amathawira ku Chingerezi, chonsecho manambala awo alipo: wieħed, tnejn, tlieta, erbgħa, ħamsa. Zikufanana ndi pamsika wathu, pamene wogulitsa tomato amalankhula Chinyanja chokoma koma pofika pa mtengo amati vinte kapena cinquenta, ndipo mukangodutsa malire ku Dedza amati twente kapena fifite. Apa ndimasiyanitsa. Mawu ena obwereka anadzaza malo amene panalibe mawu. Vinte akukankha mawu amene alipo, ndiponso amene amaphunzitsa bwino kuposa iye. Mwana wa kalasi yoyamba akanena kuti "makumi awiri ndi zitatu", wanena kale kuti mu 23 muli mitolo iwiri ya khumi ndi timitengo titatu totsala. Phunziro la dezenas e unidades lili kale m'kamwa mwake. "Vinte e três" sanena kuti vinte ndi makumi angati, ayenera kuloweza. Choncho m'kalasi ndimayamba ndi makumi, vinte amabwera pambuyo monga dzina lachiwiri la chinthu chimene mwana wachigwira kale. Sindichita zimenezi chifukwa chodana ndi Chipwitikizi. Ana athu achifuna Chipwitikizi pa mayeso, kuchipatala ndi pofuna ntchito, ndipo tiyenera kuwaphunzitsa bwino lomwe.

Masiku a pa sabata ndi chitsanzo china chimene Chimalta chimatithandiza kufotokoza. Amalta amawerenga masiku mwachiarabu, kuyambira Lamulungu: Il-Ħadd, loyamba, It-Tnejn, lachiwiri, It-Tlieta, lachitatu, L-Erbgħa, lachinayi, Il-Ħamis, lachisanu, kenako Il-Ġimgħa, tsiku la msonkhano, ndi Is-Sibt, Sabata. Ndiye kuti "lachiwiri" lawo ndi Lolemba lathu, monga segunda-feira wa Apwitikizi. Ife timayamba kuwerenga Lolemba, n'chifukwa chake Lachiwiri lathu ndi terça-feira, Lachisanu lathu ndi sexta-feira. Mphunzitsi aliyense wa zilankhulo ziwiri anaonapo mwana akulemba kuti quinta-feira ndi Lachisanu. Mwanayo waganiza bwino zedi: quinta ndi chachisanu. Chimene sanauzidwe n'chakuti mitundu ya anthu imayambira malo osiyana powerenga. Mukamuuza zimenezo, n'kumuonetsa kuti kuli dziko lina ku Ulaya limene limawerenga ngati Apwitikizi ndi mawu a Chiarabu, saiwalanso, ndipo sadziona ngati mbuli.

Ngakhale Chiarabu chimenechi sichili kutali nafe monga tingaganizire. Metical imene ili m'matumba mwathu kuyambira 1980 inatenga dzina ku mithqal, muyeso wa Aarabu woyezera golide, umene unkagwiritsidwa ntchito pa malonda a m'mbali mwa nyanja yaikulu ndi m'chigwa cha Zambezi. Akatswiri ambiri amati mawu oti ndalama anachokera ku dirham, amenenso anachokera ku drachma ya Agiriki. Shuga wathu anadzera ku Chingerezi, açúcar anadzera ku Chipwitikizi, zokkor wa Amalta anadzera ku Sicily, koma onse atatu anadutsa m'kamwa mwa amalonda achiarabu amene ankati sukkar, ndipo iwonso anawatenga kummawa, mawuwo anayambira ku India.

Nayi ntchito imene mungayese ndi ana a kalasi yachinayi kapena yachisanu, ndipo sifuna buku lililonse. Auzeni alembe maina khumi a zinthu za m'khitchini ndi za pamsika monga momwe amazitchulira kunyumba, osakonza. Kenako pabolodi muziike m'magulu: ziti zikumveka ngati Chipwitikizi, ziti ngati Chingerezi cha kutsidya kwa malire, ziti n'za makolo. Mawu alionse obwereka awachulukitse, awachepetse ndi ka- ndi ti-, awaike m'chiganizo chokhala ndi "wanga", "changa" kapena "yanga". Muona okha akupeza kuti poto ndi mapoto, supuni ndi masupuni, chipewa changa koma nsapato yanga, ndipo phunziro la magulu a maina lalowa popanda kulitchula. Pomaliza akafunse agogo awo ngati panali dzina lina kale, chifukwa nthawi zina limapezeka lilipo, monga chipande ndi mphika, ndipo limenelo lilembedwe pambali pa linzake.

Anzathu a ku Niassa, a m'mbali mwa nyanja ku Metangula ndi ku Cóbuè, Chinyanja chanu chinakumana ndi Chiyao ndi Chiswahili kuposa chathu cha kuno kumapiri. Tilembereni m'munsimu mawu amene mumagwiritsa ntchito pa bwato, pa ukonde ndi pa malonda a usipa, ndi kumene mukuganiza kuti anachokera. A ku Macanga, Chifunde ndi Tsangano, inunso tiuzeni ana anu amati chiyani pakati pa sukulu ndi xikola.